Mwana wanu ndi wamtali, inde, koma akumutchinga ndani?

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera pa imelo. Mnyamata wawo wa zaka 16, yemwe ali Fomu 3, wapenga ndi basketball ndipo tsiku lililonse nyimbo ndi yoti akufuna kupita kunja. Mayiwo akufunsa chifukwa chake ana amenewa maso amangokhala kunja, ngati mpirawo sangauphunzire konkuno. Awonjezeranso kuti pali bambo wina pa WhatsApp amene akuti atumiziridwe ndalama kuti amupezere mwanayo timu.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Ine ndinasewerapo mpira umenewu ndili ku sekondale kuno ku Mangochi. Bwalo lathu linali la simenti yong'ambikang'ambika, ling'i imodzi inali yopindika, ndipo mpira unali umodzi wokha, wosalala chifukwa chakutha. Masana simukanapondapo chifukwa cha kutentha kwa kuno kumene mukukudziwa, ndiye tinkadikira dzuwa lipendeke, kusewera pang'ono, mdima n'kugwa. Mu timu mwathu munali mnzanga wa ku Malindi, wamtali kuposa aphunzitsi onse. Mpira ukangofika m'manja mwake tinkayamba kubwerera kumbuyo, podziwa kuti zigoli zalowa kale. Sukulu zonse zozungulira zinkamuopa. Tsiku lina tinapita ku Blantyre kukasewera ndi anyamata a m'tauni, ndipo kumeneko anakumana ndi mnyamata wamfupi kwa iye amene anangoona kuti mnzathuyu dzanja lamanzere alibe nalo ntchito. Anamutsekera kumanja masewero onse. Mnzanga anatuluka m'bwalo ali ndwii. Ulesi analibe. Kungoti chiyambireni panalibe munthu amene anamukakamizapo kuti atembenukire kumanzere. Atalemba MSCE anakwera basi ya ku Joni monga amachitira anyamata ambiri akwathu kuno, ndipo mpira unathera pomwepo.

Chifukwa chachikulu chimene ana amachokera ndi chimenecho. Wosewera amakula akamakumana ndi omuposa tsiku ndi tsiku. Mwana wanu ngati ali katswiri wa Namwera yense, kumeneko wafika kale pamapeto. Ndipo si nkhani ya umphawi yokha ayi. Luka Dončić anachoka kwawo ku Slovenia ali ndi zaka 13 kupita ku Real Madrid ku Spain, chonsecho ku Slovenia kuli mabwalo abwino ndi makochi ophunzira. Ankatsata anthu oti azimuvutitsa pa maphunziro a mpira.

Kwa ife a ku Africa kuno pamawonjezekera zina. Ana athu amayamba mochedwa. Joel Embiid wa ku Cameroon anagwira mpira wa basketball ali ndi zaka 15, kale ankasewera volleyball. Luc Mbah a Moute, m'bale wake wa dziko limodzi amene ankasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, anamuona pa msasa wa achinyamata, ndipo ali ndi zaka 16 anali ali ku Florida. Mu 2014 anasankhidwa wachitatu mu NBA, mu 2023 n'kukhala wosewera wopambana onse. Hakeem Olajuwon anali goloboyi wa mpira wamiyendo ku Lagos asanapite ku University of Houston. Munthu woyamba mochedwa chonchi alibe nthawi yotaya. Amafunika kochi wodziwa kuphunzitsa kaponyedwe ka mapazi, chakudya chokwana thupi lalitali chotero, dokotala bondo likatupa, ndi masewero ambirimbiri pachaka. Komanso amafunika maso. Anthu osaka osewera sakwera minibasi kudzafika ku Makanjira. Amakhala pamene pali mipikisano yojambulidwa, yolembedwa ziwerengero.

Izitu tikuzidziwa bwino ife Amalawi, kungoti m'masewero ena. Mwawi Kumwenda anapita ku Australia ndi ku New Zealand, ndipo ndi kumene dziko linamudziwira. Tabitha Chawinga kunja anayambira ku Sweden, mng'ono wake Temwa n'kukagwedeza America ndi Kansas City Current mu 2024. Palibe amene amawanena kuti anathawa kwawo. Koma mwana wa basketball akanena zakunja timati akulota.

Apa ndiye mtima umandiwawa. Boma lathuli ndi lalikulu, ana ataliatali ali mbwee m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ena akukoka makoka, ena akupalasa kabaza pa mlatho wa Shire. Mpira wa basketball m'dziko muno uli makamaka m'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre. Bwalo lofoleredwa la Griffin Saenda, lomangidwa chifukwa cha masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022, lili ku Lilongwe. Timu ya Bravehearts, imene yakhala ikupikisana nawo m'ndime zolowera mu Basketball Africa League, ndi ya ku Lilongwe. Ndiye kwa mwana wa ku Mangochi, "kunja" koyamba ndi Lilongwe yemweyo. Anthu ena amandiuza kuti tisamalimbikitse ana kuchoka, timange zathu. Ndikuvomera, timange. Koma mwana wa zaka 16 sangadikire bwalo limene maziko ake sanakumbidwe. Akamadzalitsegulira iye adzakhala ali ndi ana atatu.

Ngakhale Africa yenseyo zinthu zayamba dzulodzuloli. NBA Academy Africa inatsegulidwa ku Senegal mu 2017, ndipo Basketball Africa League inayamba mu 2021 ku Kigali. Khaman Maluach wa ku South Sudan, amene anakulira ku Uganda, anadutsira ku sukulu ya ku Senegal imeneyo, n'kupita ku koleji ya Duke ku America, n'kusankhidwa wa nambala 10 mu NBA mu 2025. Njira ilipo tsopano yosafuna kuoloka nyanja mwana akadali wakhanda, koma ndi yopapatiza zedi.

Musaganize kuti kunjako ndi uchi wokhawokha. NBA imasankha anyamata pafupifupi 60 pachaka kuchokera dziko lonse lapansi. Mnansi wathu Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, wotalika mamita 2.21, anasankhidwa wachiwiri mu 2009, koma sanakhazikike. Pascal Siakam anatenga chikho ndi Toronto Raptors mu 2019, koma bambo ake atamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2014 iye ali ku New Mexico State, sanapite kumaliro chifukwa cha nkhani ya viza. Mwana wa kuno kulephera kuika bambo ake m'manda, mukudziwa nokha kulemera kwake. Ndipo amene timawamvawa ndi amene zinawayendera. Ena anathyoka bondo chaka choyamba, amene anawatenga n'kusiya kuyankha foni.

Chimene ndaumirira nacho ine n'chakuti ambiri amene zinawayendera anatengedwa ndi sukulu. Dikembe Mutombo anapita ku koleji ya Georgetown ku America mu 1987 ndi cholinga chodzakhala dokotala, n'kulowa timu ya basketball ali komweko, ndipo pambuyo pake anamanga chipatala kwawo ku Kinshasa. Makoleji a ku America salola munthu kusewera ngati magiredi ake sakukwana, kaya atalike bwanji.

Nanga bambo wa pa WhatsApp uja?

Musatumize ngakhale tambala. Ameneyo ndi dobadoba. Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, salola kusamutsira mwana wosakwana zaka 18 ku timu ya dziko lina kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo sukulu yeniyeni ya ku America imatumiza chikalata chotchedwa I-20 m'dzina la mwanayo, chimene mumapita nacho ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Mwanayo amalize MSCE, alimbikire Chingerezi ndi masamu. Pa holide mutumizeni kwa achibale ku Lilongwe kapena ku Blantyre akasewere ndi timu yodziwika ku BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, makochi akamuone. Wina azimujambula pa foni masewero athunthu, kuphatikizapo pamene akulakwitsa. Ndipo mumuuze kuti kuyambira mawa, theka la nthawi yake pabwalo azigwiritsa ntchito dzanja limene salikonda.