Tifunseni: Mabuku a ana akuti dokotala ndi bambo basi

FUNSO: Ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala kufupi ndi Ngabu. M'mabuku athu a zithunzi mayi amangokhala pamafuwa, bambo ndiye dokotala kapena dalaivala. Kamtsikana kena kandiuza kuti adokotala sakhala aakazi. Ndalama zogulira ena tilibe. Nditani? Mlezi, Chikwawa

YANKHO: Amayi, mabukuwo musataye. Tengani 10, ndipo pa lililonse mulembe mayankho a mafunso anayi: ndani watchulidwa dzina, ndani akulankhula, wagwira chiyani m'manja, ndani wathetsa vuto kumapeto. Lomalizali ndiye lolemera. Buku likhoza kudzaza atsikana tsamba lililonse, koma ngati ntchito yawo ndi kulira n'kudikira mlongo wawo adzawapulumutse, mwana amaligwira phunzirolo.

Chichewa chimatithandiza. Mawu ngati "iye" kapena "anapita" sanena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo Chikondi, Mphatso ndi Chisomo ndi mayina a onse. Chimene chimamuuza mwana ndi chithunzi komanso pakamwa panu. Mukafika pa dokotala uja, imani kaye mufunse: "Kuchipatala munapezako ndani atavala zoyera?" Ana ayankhe okha. Tulutsaninso K200, muwaonetse nkhope ya Rose Chibambo, amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino. Muwauzenso kuti Joyce Banda analamulira Malawi kuyambira 2012 mpaka 2014.

Kenako pangani anuanu. Dulani katoni masamba 8, muboole m'mbali, mumange ndi ulusi wa thumba. Tsamba lililonse likhale ndi chithunzi chimodzi ndi chiganizo chimodzi, mawu osapitirira 6. Jambulani za konkuno: mayi akupalasa bwato pa Shire, bambo akusambitsa mwana pamjigo, mtsikana akubweza mbuzi madzulo, agogo akuyeza thonje pasikelo. Ngati ana ena amalankhula Chisena kunyumba, mawu awo alowemo. Sungani mabukuwo m'jumbo, pamalo okwera, kuopa chiswe ndi madzi osefukira.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Amajambula bambo akuphika, koma nsima yapserera, ana n'kugwa nako kuseka. Chimene aphunzira n'chakuti mthiko si wa mwamuna. Bamboyo aphike nsima yabwino, banja lidye, nkhani ipitirire. N'chimodzimodzi mwana wachialubino kapena woyenda ndi ndodo. Musamuike pakona kuti anzake amumvere chisoni. Avale chipewa chake chotchinga dzuwa, akhale ndi dzina, ndipo akhale iyeyo wopeza mbuzi yosowa. Anyamatanso musawaiwale: aoneke akuopa, akulira, akubereka mng'ono wawo kumbuyo.

Musanayambe kuwerengera ana, onetsani mabukuwo komiti ya makolo. Mwana akakanena kunyumba kuti abambo a m'buku amatsuka mbale, makolo akhale atamva kale kwa inu.