Za katemera wa tiagalu ta amalume

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupa, loti kodi tiagalu mwatenga tija mungotibayitsa kamodzi basi, poti ndalama yavuta. Ndati ndingolankhula, kulemba kunditalikira.

Makatemera ofunika ndi awiri: wa chiwewe, ndi uja a vetenale amati 5-in-1, woteteza ku matenda a agalu monga parvo, distemper ndi matenda a chiwindi. Wachiwiriyu amayamba kagalu kakakwanitsa masabata 6 kapena 8, n'kumabwereza pakadutsa masabata atatu kapena anayi, womaliza pa masabata 16. Apa ndiye mumvetsetse. Chitetezo chimene kagalu kamayamwa kwa make chimatha kulepheretsa jakisoni woyambirira uja kugwira ntchito. Pofika masabata 16 chimakhala chitatha, katemera n'kugwira bwinobwino. Ndiye ngati m'thumba mwakanadi, wa masabata 16 yu musamuphonye. Koma kufikira pamenepo tiagaluto tisatuluke kumpanda, ndipo agalu oyendayenda asalowe.

Parvo ine ndinamuona ndi maso angawa. Kagalu kanga kaja ndinakabayitsa kamodzi, ndati zatha. Kanayamba kukana chakudya, kusanza, kenako kutsegula m'mimba magazi okhaokha, fungo lake, eee, simungaime pafupi. Tsiku lachitatu tinakakwirira kuseri kwa khola. Komanso kachilomboko kamakhala m'dothi miyezi yambiri, musaiwale.

Za chiwewe ndiye palibe zokambirana, amalume, pakhomo panupo pali adzukulu. Tiagaluto tikakwana miyezi itatu tibayitseni, ndipo kampeni ikafika msanga pitani natoni, amabaya ngakhale tating'ono. Kwanu ku Blantyre kuja a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya ulere kuyambira 2015, ndiye uyu sangakudyereni ndalama. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zikangoyamba munthu sachira.

Chaka chikatha mubwerezenso onse awiri. Kuchoka apo wa parvo ndi distemper ndi pa zaka zitatu zilizonse, wa chiwewe muzingopita nato kampeni ikabwera.

O, china ndikanaiwala. Katemera amasungidwa pozizira. Wina akabwera atautulutsa m'thumba la jekete, dzuwa lili phwee, m'bwezeni, mungotaya ndalama. Ndipo khadi la katemera lija musunge, mundijambulire ndizikukumbutsani masiku. Mupereke moni kunyumba konse.