Kwa mayi amene apeza buku la zojambula m'chikwama cha mwana wawo

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano, ndipo anapempha kuti ndisatchule dzina lawo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 14 anapatsidwa buku ndi azakhali ake amene amakhala kunja. Mayiwo atalitsegula anapeza kuti masamba onse ndi zojambula zakuda ndi zoyera ngati makatuni a m'nyuzipepala, koma zojambulazo zikuonetsa atsikana ofunda mipango kumutu, amuna andevu onyamula mfuti, ndiponso akaidi akuzunzidwa. Banja lawo ndi la Chisilamu. Iwo akufunsa ngati cholinga cha bukuli n'kunyoza chipembedzo chawo, komanso ngati nkhani yolemera chonchi ingafotokozedwe moona kudzera m'zithunzi zooneka ngati za ana. Bukulo ndi Persepolis, lolembedwa ndi kujambulidwa ndi Marjane Satrapi.

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyamba ndi mbiri ya bukuli chifukwa popanda mbiriyo zithunzi zija zimasokoneza. Marjane Satrapi anabadwa m'chaka cha 1969 ndipo anakulira mumzinda wa Tehran, likulu la dziko la Iran. Ali mwana, dzikolo linkalamulidwa ndi mfumu Mohammad Reza Pahlavi, imene anthu ankaitcha Shah, ndipo apolisi ake achinsinsi ankamanga ndi kuzunza aliyense wotsutsa boma. Anthu a maganizo osiyanasiyana, kuyambira atsogoleri a mizikiti mpaka ophunzira okhulupirira chikomyunizimu, anagwirizana zoichotsa mfumuyo. Shah anathawa m'dzikomo mu Januwale 1979, mtsogoleri wachipembedzo Ayatollah Khomeini anabwerera kuchokera ku France pa 1 Febuluwale, ndipo pofika mu Epulo chaka chomwecho Iran inali italengezedwa kukhala dziko lolamulidwa ndi malamulo a Chisilamu. Makolo a Satrapi anali m'gulu la anthu amene ankachita zionetsero zotsutsa Shah, choncho bukuli likufotokoza za banja limene linakondwera mfumu itagwa, kenako n'kuona anzawo amene anatuluka m'ndende za mfumu akuphedwa ndi boma latsopano. Mu Seputembala 1980 dziko la Iraq linayambitsa nkhondo ndi Iran, ndipo nkhondoyo inatha mu 1988. Bukuli linatuluka koyamba m'Chifalansa m'zigawo zinayi pakati pa 2000 ndi 2003, ndipo m'Chingelezi linatuluka m'zigawo ziwiri mu 2003 ndi 2004. Ndikukupemphani muone kaye ngati mwana wanu ali ndi gawo loyamba lokha kapena zonse pamodzi, chifukwa malangizo anga akusiyana pa zigawo ziwirizi.

Pa funso lanu loyamba, ndikuona kuti wolembayu mkwiyo wake wauloza kwa anthu amene anatenga chipembedzo n'kuchisandutsa ndodo ya wapolisi. Chimene chimandichititsa kunena choncho ndi mmene akudzionetsera yekha ali wamng'ono. Mtsikana wa m'bukuli ndi wokonda Mulungu kwambiri, moti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankafuna kudzakhala mneneri, ndipo zifukwa zake zinali zitatu: wantchito wa m'nyumba mwawo sankadyera nawo patebulo limodzi, bambo ake anali ndi galimoto yapamwamba pamene ena analibe, ndipo agogo ake aakazi ankavutika ndi maondo. Usiku uliwonse ankacheza ndi Mulungu m'chipinda chake. Ubale umenewu unasokonekera pamene Anoosh, mchimwene wa bambo ake, amene anakhala m'ndende zaka 9 m'nthawi ya Shah, anamangidwanso ndi boma latsopano n'kuphedwa pomunamizira kuti anali kazitape wa dziko la Russia. Asanaphedwe analoledwa kuonana ndi munthu mmodzi yekha, ndipo iye anasankha kamtsikanako, n'kukapatsa kambalame kamene anaumba ndi buledi. Anoosh ataphedwa, mwanayo anathamangitsa Mulungu m'chipinda chake. Munthu wopemphera akawerenga tsamba limenelo amamva kuwawa, koma kuwawako kumachokera pa kuona kuti anthu opha anzawo m'dzina la Mulungu analanda mwana chikhulupiriro chimene anali nacho.

Sindingakubisireni kuti pali chinthu chimene Asilamu ambiri sangachilandire. Mulungu wajambulidwa m'bukuli ngati nkhalamba ya ndevu zoyera imene ikunyamula mwana m'manja. Wolembayu akuonetsa mmene mwana ankamuganizira, komabe kujambula Mulungu n'koletsedwa m'Chisilamu, ndipo nkhani imeneyi inabweretsapo kale chipwirikiti. Filimu yochokera m'bukuli, imene inapata mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2007, itaonetsedwa pa kanema wa Nessma ku Tunisia mu Okutobala 2011, anthu anachita zionetsero zaukali, ndipo mkulu wa kanemayo anamulipiritsa chindapusa m'khoti chaka chotsatira. Ngati zimenezi zikukuvutani, muli ndi zifukwa zomveka, ndipo ndi bwino muuze mwana wanu maganizo anu mosabisa m'malo moyembekezera kuti adzazindikira yekha.

Nkhani ya mpango ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndikuganiza kuti ndi imene inakudzidzimutsani poyamba. Mutu woyamba wa bukuli ukuyamba mu 1980, pamene atsikana onse a pasukulu analamulidwa kufunda kumutu ndipo anyamata anawalekanitsa ndi atsikana. Pali chithunzi cha ana ali pabwalo la sukulu, wina akudumpha chingwe ndi mipango yolumikiza, wina wamanga mnzake mpango ngati kavalo, wina akudandaula kuti kukutentha. Ana amenewa sakutsutsa chiphunzitso chilichonse, chifukwa palibe amene anawafotokozera tanthauzo la chimene awaveka. Mayi amene amavala hijabu chifukwa cha chikhulupiriro chake ndi mtsikana amene waimitsidwa pamsewu ndi alonda a boma chifukwa tsitsi laonekera pang'ono ali pa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ngakhale nsalu imene ili pamutu pawo ndi yofanana. Mbiri ya Iran yomweyo imaonetsa mbali inayo: mu 1936 Reza Shah, bambo wa mfumu ija, analetsa akazi kufunda, ndipo apolisi ankawavula mipango mokakamiza, moti akazi ambiri opemphera anasankha kusatuluka m'nyumba. Boma lina linawavula ndipo lina linawaveka, koma onse awiri sanawafunse eni akewo. Ife a ku Malawi zimenezi si zachilendo kwenikweni, popeza lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Boma la nthawi imeneyo silinali la chipembedzo, choncho kufananaku kuli ndi malire, koma amayi amene anakula m'zaka zimenezo amadziwa mmene zimakhalira kudziyang'ana kawiri usanatuluke pakhomo poopa munthu wa yunifolomu. Satrapi akufotokoza kuti cholinga cha malamulo oterowo n'chakuti munthu azitanganidwa ndi kutalika kwa chovala chake mpaka asowe mpata wofunsa za anthu amene ali m'ndende.

Funso lanu lachiwiri, lokhudza zithunzi, ndi limene limandisangalatsa kwambiri. Ambiri a ife tinazolowera kuti zojambula ndi za nthabwala kapena za ana a sitandade 1, koma mabuku a mbiri ya moyo wa munthu ojambulidwa motere akhalapo kwa zaka zambiri, ndipo buku la Art Spiegelman lotchedwa Maus, lofotokoza za bambo ake amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene chipani cha Nazi cha ku Germany chinkapherako Ayuda, linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1992. Ubwino wa chojambula ndi wakuti chimatha kuonetsa chinthu mmene mwana anachimvera, osati mmene kamera ikanachionera. Mtsikanayo atamva akuluakulu akunena kuti mnzawo wina anadulidwa nthulinthuli m'ndende, chithunzi chimene tikuona ndi cha thupi logawidwa bwinobwino ngati chidole, lopanda magazi, chifukwa mwana wa msinkhu umenewo sakanatha kuganiza kupyola pamenepo. Wowerenga wamkulu amadziwa zimene mwanayo sankadziwa, ndipo mantha amakula chifukwa cha kusiyana kumeneku.

Pali tsamba lina limene sindimaliiwala. Mayi wina wogwira ntchito m'nyumba mwawo anabwera ali wokhumudwa atanyamula kiyi wapulasitiki wopakidwa utoto wagolide, amene mwana wake wamwamuna anapatsidwa kusukulu pomuuza kuti akafera kunkhondo kiyiyo adzamutsegulira chitseko cha paradiso. Patsogolo pake pali tsamba logawidwa pawiri. Pamwamba pali anyamata a m'mabanja osauka akuuluzidwa ndi mabomba okwirira pansi, makiyi ali lendelende m'khosi, ndipo m'munsi muli Marjane ndi anzake akudumphadumpha paphwando lake loyamba, miyendo ndi manja zili mofanana ndi za anyamata akufa aja. Wolembayu sakuwonjezerapo ndemanga yaitali, ndipo sakudzichotsa pa mlanduwo, chifukwa akuonetsa kuti iye ankavina pamene ana a antchito ankafa. Pamalo ena, mzinga utagwera nyumba ya anansi awo Achiyuda, mtsikanayo anaona chibangili cha mnzake m'zigumukire za nyumbayo chikadali pa chinthu chimene sanafune kuchitchula, ndipo bokosi lomaliza la tsambalo ndi lakuda bii, mopanda chojambula chilichonse.

Komabe sindikufuna kuti mwana wanu atseke bukuli akuganiza kuti wadziwa Iran yonse, kapena kuti wadziwa Chisilamu. Iyi ndi nkhani ya banja limodzi lopeza bwino, lophunzira, losapemphera kwenikweni, limene linali ndi ndalama zotumizira mwana wawo ku Vienna, likulu la dziko la Austria, ali ndi zaka 14 pamene ana ena analibe kothawira. Anthu osauka ndi opemphera amene anasangalala ndi kusintha kwa 1979, amene analipo ochuluka zedi, m'bukuli amaoneka patali, kawirikawiri ngati nkhope zokwiya zofanana, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti bukuli ndi lofooka. Tikumbukirenso kuti boma la Iran limatsatira Chisilamu cha Shia ndiponso chiphunzitso cha Khomeini chakuti mtsogoleri wachipembedzo ndiye ayenera kukhala pamwamba pa boma, pamene Asilamu ambiri a kwathu kuno ndi a Sunni, ndipo ngakhale pakati pa akuluakulu a Shia analipo amene sanagwirizane ndi chiphunzitso chimenecho. Wolemba mwiniwakeyo, m'mawu oyamba a bukuli, akunena kuti analilemba pofuna kuti mtundu wonse usaweruzidwe chifukwa cha zochita za anthu ochepa oumitsa zinthu, ndipo dzina la bukuli analitenga ku likulu lakale la mafumu a Perisiya (dzina lakale la Iran) pofuna kukumbutsa kuti dzikolo ndi lakale kuposa boma lililonse limene lalilamulira.

Chimene chimandichititsa kumukhulupirira wolembayu n'chakuti sadzionetsa ngati ngwazi. M'gawo lachiwiri, atabwerera ku Tehran ali mtsikana wamkulu, tsiku lina anaona alonda akubwera iye atadzola zopakapaka kumaso, ndipo pofuna kudzipulumutsa analoza mwamuna wina wosalakwa amene anangokhala pamasitepe, n'kunama kuti wamulankhula zachipongwe. Mwamunayo anamutenga. Marjane anakafotokozera agogo ake nkhaniyi akuseka, koma agogowo anamudzudzula koopsa, n'kumukumbutsa za abale ake amene anavutika m'ndende chifukwa choteteza anthu osalakwa. Ulamuliro wa mantha umaphunzitsa munthu wamba kupereka mnzake kuti iye apulumuke, ndipo ndi olemba ochepa amene amavomera kuti nawonso anachitapo zimenezo.

Tsopano ponena za msinkhu wa mwana wanu, gawo loyamba, limene limathera pabwalo la ndege pamene Marjane akutembenuka n'kuona mayi ake atakomoka m'manja mwa bambo ake, ndikuona kuti mtsikana wa zaka 14 angaliwerenge, makamaka inu mutaliwerenga kaye. Muli mawu ena otukwana ndiponso tsamba loonetsa kuzunzidwa kwa akaidi, ndipo tsamba limeneli ndi limene linachititsa akuluakulu a sukulu za boma mumzinda wa Chicago kulichotsa m'makalasi a ana a zaka pafupifupi 12 mu 2013. Gawo lachiwiri ndi la anthu okulirapo, chifukwa likunena za zibwenzi, chamba, kugona m'misewu ya Vienna m'nyengo yozizira, kufuna kudzipha, ndi ukwati umene unatha asanachoke ku Iran komaliza mu 1994. Limenelo ndikanakonda mulisunge kaye kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Mwana wanu akadzafunsa ngati zimenezi zinatha, mudzamuuze kuti lamulo lokakamiza akazi kufunda, limene linakhazikitsidwa kwa akazi onse mu 1983, ndi limene apolisi anamangira Mahsa Amini, mtsikana wa zaka 22 amene anamwalira ali m'manja mwawo pa 16 Seputembala 2022, ndipo imfa yake inautsa zionetsero m'dziko lonselo. Ena mwa akazi amene anatsutsa lamuloli pa nthawiyo anali ovala hijabu mwa kufuna kwawo. Mukamaliza kuwerenga gawo loyamba mundilemberenso, chifukwa ndikufuna kumva mmene inu, monga mayi wopemphera, mwalionera tsamba la kiyi wapulasitiki lija.