Besi ikulindima mu situdiyo yanga, ndikhome chiyani?

Funso: Ndili ndi kasitudiyo ku Area 25, chipinda cha njerwa cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali. Ndinamata matileyi a mazira khoma lonse, koma besi ikungolindima m'makona pomwe pakati pa chipinda ikuzimirira. Ndamva za bass trap ya bokosi, chipangizo chomeza besi. Ndingaikhome ndekha?

Yankho: Mungathe ndithu, achimwene, ndipo matileyiwo achotseni. Sagwira besi ngakhale pang'ono, komanso ndi oopsa pa moto. Siponji ya matiresi nayo imangomeza mawu am'mwamba, besi n'kuisiya momwemo.

Vuto lanu likuchokera pa kukula kwa chipindacho. Mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi, ndiye pakati pa makoma otalikirana mamita 3 pamakodwa besi ya 57 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mawu amanjenjemera pa sekondi), pomwe mbali ya mamita 4 imasunga ya 43 Hz. Besi yotereyi imakula pakhoma, n'kuchepa pakatikati, monga mwaoneramo. Dzimvereni nokha: ikani tone generator (pulogalamu yotulutsa liwu la Hz yomwe mwasankha) pa foni, lumikizani ku masipika, mukweze pang'onopang'ono kuchokera pa 40 kufika pa 120 Hz mutaima pakona. Pomwe pakubangula kwambiri mulembe. Koma mukamamva kulira nyimbo zitazima, limenelo ndi vuto la mawaya, poti magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo bokosi silingalithetse.

Bokosilo limagwira ntchito ngati ng'oma. Kumaso kwake kumakhala pulayiwudi yopyapyala yomwe imanjenjemera besi ikaigunda, mphamvu ya mawuwo n'kumathera momwemo. Masamu ake ndi awa: chulukitsani kulemera kwa pulayiwudi pa sikweya mita imodzi ndi kuya kwa bokosi m'mamita, mupeze square root yake, kenako mugawe 60 ndi yankholo. Pulayiwudi ya mamilimita 6 imalemera pafupifupi makilogalamu 3.6 pa sikweya mita, choncho bokosi lakuya masentimita 30 limagwa pa 58 Hz, pomwe mukufunapo. Ine ndimakonda kuiika kaye pa sikelo, chifukwa mapulayiwudi amasiyana. Shiti yathunthu ndi pafupifupi masikweya mita 3, ndiye gawani kulemera kwake ndi 3.

Felemu ikhale ya matabwa ochindikala, masentimita 60 ku 120. Akalipentala a ku Mchesi angakuduliireni bwinobwino, koma muwauze kuti asakhome thabwa lopingasa kuseri kwa pulayiwudi yakumasoyo. Iwo anazolowera kulimbitsa chilichonse, pomwe apa tikufuna chapakati chikhale chomasuka, chogwidwa m'mbali mokha. Kumbuyo tsekani ndi bolodi yolemera, mkati muike rockwool kapena fibreglass (zinthu zonga thonje zomeza mawu) yochindikala masentimita 5 mpaka 10, yosiyana ndi pulayiwudi ndi kampata ka zala ziwiri. Ikakhudza, kunjenjemera kumafa. Valani magolovesi ndi chotseka pamphuno, zimayabwa zimenezi.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa mpweya. Bokosi lisapume paliponse. Pakani guluu ndi silikoni m'malumikiziro monse, kenako ligogodeni pakati ndi chibakera: limveke "duu" wakuya, osati "phwa".

Limodzi silikwanira, yambani ndi awiri kapena anayi. Muwatsamiritse ku makoma awiri otalikirana mamita 3 aja, chakukona, ndipo muwakweze pang'ono kuchoka pa simenti kuopa chinyezi cha dzinja ndi chiswe. Mukatero bwerezani kuyesa kwa foni kuja. Ya 43 Hz ikamavutabe, idzafuna bokosi lakelake la pulayiwudi yolemerapo.