Chiyambi cha diresi loyera la mkwatibwi ndi kajambulidwe kake

Achemwali, diresi loyera limene mukufuna kudziwa chiyambi chake linatchuka chifukwa cha Mfumukazi Victoria ya ku Britain, yomwe inavala zoyera pokwatiwa ndi Prince Albert ku London pa 10 February 1840. Kale akwatibwi ambiri a ku Ulaya ankangovala chovala chabwino chimene anali nacho, chamtundu uliwonse, popeza nsalu yoyera imada msanga ndipo ankaikwanitsa ndi olemera okha. Kwathu kuno mwambowu unabwera ndi maukwati a m'tchalitchi.

Pa funso lanu la mmene mungajambulire mng'ono wanu ndi foni atavala diresi loyerali pa ukwati wake, musamuimike padzuwa la masana. Ine ndinachitapo zimenezi pa ukwati wa msuweni wanga, ndipo diresi linangoti mbee, maluwa onse osokedwa pachifuwa osaoneka, nkhope nayo itada. Muimikeni pamthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde la tchalitchi, apo ayi dikirani dzuwa lipendeke.

Koma zithunzi za nthawi yovekana mphete, zomwe sizibwerezedwa, zipatseni wojambula waluso, chifukwa m'matchalitchi ambiri muli mdima, ndipo ayambe wafunsa abusa ngati amalola flash, kuwala kong'anima kwa kamera.