Kwa mayi amene mwafunsa za kutseketsa

Mayi, ndawerenga funso lanu lakuti muli ndi zaka 37 ndi ana anayi, mwatopa ndi jakisoni wa miyezi itatu iliyonse, ndipo inu ndi bambo akunyumba mwagwirizana kuti ana akwana, koma simukudziwa kuti atseketse ndani mwa awirinu. Ndikuyankhani ngati bambo amene ndinatseketsa zaka 6 zapitazo. Maganizo anga ndi akuti, ngati nonse mwatsimikizadi, apite ndi bambowo, chifukwa opaleshoni yawo ndi yaing'ono ndiponso yosaopsa poyerekeza ndi yanu.

Mundikhululukire ndinene mosabisa. Kwa abambo, dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pachikopa cha thumba la mavalo, naboola kapena kucheka pang'ono, kenaka amadula ndi kumanga timachubu tiwiri timene mbewu ya abambo imadutsamo. Ntchito yonse kawirikawiri sipitirira mphindi 30, ndipo munthu amakhala ali maso. Ine ndinkacheza ndi dokotala za mpira mpaka anamaliza, ndinapumula pabenchi kwa kanthawi, ndipo ndinakwera minibasi kubwerera ku Area 25 tsiku lomwelo. Panatupa pang'ono ndi kupweteka masiku awiri kapena atatu, ndinkavala kabudula wamkati wothina monga anandiuzira, ndipo khasu ndi njinga ndinazisiya kwa sabata imodzi.

Mwanena kuti bambowo akuopa kuti kumeneku ndi kufulidwa. Mantha amenewa ndinali nawonso, choncho musawaseke. Mbuzi akamaifula amaichotsa kapena kuiphwanya mavalo, nchifukwa chake imasiya kukwera. Potseketsa mavalo sachotsedwa, ndipo amapitiriza kupanga mphamvu yachimuna imene imalowa m'magazi mwachindunji, osadutsa m'timachubu todulidwato. Chilakolako sichisintha, ndipo umuna umatulukabe monga kale, popeza mbewu ndi gawo lochepa kwambiri la umunawo ndipo madzi ambiri amapangidwa kumtunda kwa pamene adulapo. Mayi akunyumba kwanga amanena moseka kuti chimene chinasintha ndi chakuti anasiya kuwerenga masiku pakalendala.

Pali chinthu chimodzi chimene mabanja ambiri amalakwitsa, ndipo muchisunge. Kutseketsa kwa abambo sikuyamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, chifukwa mbewu imene inali itadutsa kale imatsalira m'njira. Pamafunika miyezi itatu, ndipo m'miyezi imeneyi mubayitsenso jakisoni wanu kamodzi kapena mugwiritse ntchito makondomu. Miyeziyo ikatha, bambowo akayezetse umuna ngati pali poyezera. Ziwerengero za bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO zimasonyeza kuti pamene umuna sunayezedwe, amayi awiri kapena atatu mwa 100 aliwonse amatenga pakati m'chaka choyamba, koma pamene wayezedwa ndi pafupifupi awiri mwa 1,000. Mimba yobwera m'miyezi itatu imeneyi ikhoza kuyambitsa milandu yokafika kwa ankhoswe, mayi akunamiziridwa zachigololo pamene cholakwa chinali kusadikira.

Ngati bambowo akanitsitsa, musawakakamize, pakuti njira ya amayi nayo ndi yabwino ndipo ndiyo imene yazolowereka kuno kwathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi apabanja pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse anali atatseketsa, pamene abambo sanafike ngakhale mmodzi mwa 100. Kwa amayi, dokotala amacheka pang'ono pamimba kuti afike pa machubu awiri odutsa mazira, nawamanga ndi kuwadula. Imayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, koma poti amalowa m'mimba, bala lake limafuna kupumula masiku angapo ndi kusanyamula zolemera, monga ndowa ya madzi, kwa sabata yathunthu. Chiberekero sachichotsa, ndipo msambo umapitirira. Inu amene mwakhala pajakisoni mudziwiretu kuti msambo umene mwina unasiya udzabwerera pakapita miyezi, ndipo ukadzaoneka wochuluka chifukwa chake kawirikawiri ndi kusiya jakisoniyo. Mimba ikhoza kuchitika mwa apo ndi apo, kwa amayi pafupifupi awiri mwa 100 m'zaka 10, ndipo ina mwa mimba zoterezi imakhala m'chubu, zimene ndi zoopsa. Choncho mayi wotseketsa akadumphitsa msambo namva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, athamangire kuchipatala.

Musanasaine fomu ya chilolezo, khalani pansi awirinu mufunsane mafunso owawa. Kodi mwana mmodzi atamwalira, Mulungu aletse, mudzafuna wina? Kodi banja litatha, kapena mmodzi atatsogola, wotsalayo nakwatiranso, adzadandaula? Mafunso amenewa akhudze makamaka amene akukatseketsayo, popeza thupi ndi lake. Mudzamva kuti kunja amatha kulumikizanso machubu, koma opaleshoni yake ndi yovuta, yodula, ndipo nthawi zambiri siibweza kubereka, kotero musaiike m'mapulani anu. Amene amadzanong'oneza bondo kawirikawiri ndi amene anatseketsa asanafike zaka 30, kapena anasankha ali pamavuto a m'banja. Ngati patsala kukayika ngakhale pang'ono, ikitsani Jadelle yapamkono imene imakhala zaka 5, Implanon ya zaka 3, kapena lupu imene imafika zaka 10, ndipo zonsezi zimachotsedwa mukafuna. Dziwaninso kuti kutseketsa sikuteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana.

Za kopita, kuno ku Lilongwe yambirani kuchipatala cha Bwaila kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga Kawale, Area 18 kapena Area 25, kumene anamwino a zakulera adzakulangizani ndi kukuuzani kumene opaleshoniyo ikuchitikira. M'zipatala za boma kulera ndi kwaulere. A Banja La Mtsogolo nawonso akhala akutseka amayi ndi abambo kwa zaka zambiri, koma funsiranitu za mtengo. Funsiranitunso tsiku limene dokotala wotseka abambo amapezeka, chifukwa ine ulendo woyamba ndinapita pachipatala china m'mawa, nditapempha kale tchuthi kuntchito, ndipo ndinabwerera chimanjamanja atandiuza kuti wodziwa ntchitoyo kulibe. Ulendo woyambawo mupite limodzi, mutatenga buku lanu lakuchipatala losonyeza tsiku limene munabayitsa jakisoni womaliza, ndipo muwasiye bambowo afunse okha mafunso awo kwa dokotala, ngakhale inu mutatuluka panja kwa kanthawi.