Achemwali, atorvastatin sangatsegule valavu youma

Mwafunsa ngati atorvastatin (mankhwala otsitsa kolesterolo, mafuta a m'magazi) ndi kusiya zamafuta zingatsegule valavu ya aorta (kachitseko ka pakhomo pamene magazi amatulukira mumtima) ya bambo akunyumba, amene kolesterolo yokwera ndi yakumtundu kwawo, ndipo dzana anakomoka akukwera chitunda ku Ndirande. Nditaona ena akukulangizani adyo ndi mandimu, mtima wanga sunakhale m'malo.

Sizingatheke, achemwali. Valavu ikauma ndi kashiamu, khomo lotulukira magazi limachepa, ndipo palibe mankhwala oifewetsanso. Kafukufuku wa SEAS wa mu 2008 anaonetsa kuti mankhwala otsitsa kolesterolo saletsa khomolo kupitiriza kuchepa. Komatu asasiye kumwa. Mankhwalawo akuteteza mitsempha yodyetsa mtima, imene imatsekeka msanga mwa anthu a kolesterolo yakumtundu. Akapanda kukwanira, madokotala amawonjezera ezetimibe, mankhwala enanso otsitsa kolesterolo.

Chondisowetsa tulo ine ndi kukomokako. Munthu wa valavu yotere akayamba kukomoka, kumva kupweteka pachifuwa kapena kubanika poyenda, nthawi yodikira yatha. Pitani nawo ku Queen Elizabeth sabata lomwe lino, mukanene mosabisa kuti anakomoka, akawaunike mtima ndi echo, makina oonetsa mmene mtima ukugwirira ntchito. Mukatchulenso za kolesterolo yakumtunduyo, chifukwa kuno mavalavu ambiri amaonongeka ndi rheumatic fever ya paubwana, matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi, ndiye dokotala akufunika mbiri yonse. Pakadali pano asanyamule zolemera.

Chithandizo chenicheni ndi kusintha valavu, ndipo odwala otere kuno amatumizidwa kunja, kawirikawiri ku India. Valavu yachitsulo imakhalitsa, koma munthu amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wonse ndi kumayezetsa INR (muyezo wa kuundana kwa magazi) pafupipafupi. Yochokera ku nkhumba kapena ng'ombe imatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imatha msangapo. Palinso TAVI, yolowetsa valavu kudzera mumtsempha wa mphechepeche osang'amba chifuwa. Inayamba ku France mu 2002, koma imachitika makamaka kwa achikulire. Mano obooka akonzedwe opaleshoni isanachitike, poti tizirombo ta mkamwa timakakhala pa valavu.

Anawo musawaiwale, chonde. Vuto la kolesterolo yakumtunduli limapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo bambo akakhala nalo, pafupifupi theka la ana amalitengera, ngakhale oonda. Akayezedwe magazi pamodzi ndi alamu anu. Mwana wopezeka nalo amatha kuyamba mankhwala ali ndi zaka 8 mpaka 10, mitsempha isanaonongeke.